Njoka za m'udzu zavuta m'tauni

Sabata ino m'tauni muno anthu aiwalako za mtengo wa shuga. Nkhani ili m'kamwam'kamwa ndi ya njoka, chonsecho palibe amene walumidwa. Zayambira pa WhatsApp, pomwe aliyense amene wakhumudwa ndi mnzake akungolemba kuti "snake in the grass", dzina osatchula, kenako n'kumasuzumira kuti aona ndani. Azungu akatero amanena munthu wokusekerera pamaso uku kumbali akukukumbira dzenje, mthirakuwiri weniweni.

Kometera tsitsi nkhani iliyonse imathera ku mpira. Anyamata kumeneko akuti njoka yeniyeni ndi Sol Campbell, yemwe mu 2001 anachoka ku Tottenham ali kaputeni n'kukalowa Arsenal, adani a pakhomo, timu yake osatolapo ngakhale tambala. Wometa wina anazimitsa makina mutu wa kasitomala uli theka, n'kunena kuti Campbell ndi mwana, akamuna ndi Luís Figo. Ameneyu anasiya Barcelona mu 2000 kupita ku Real Madrid, ndipo mu 2002 ali ku Camp Nou, akukonzekera kumenya kona, ochemerera anamuponyera mutu wa nkhumba. Mkangano unakhotera pomwepo. Za Figo zinaiwalika, onse anayamba kudandaula kuti munthu wanzeru zake angataye bwanji ndiwo yoti banja lonse n'kudyera nsima masiku awiri.

Pabawo pali aphunzitsi ena opuma ntchito amene salola mwayi wotere kuwadutsa. Iwo akuti Angerezi mawu akuti "snake in the grass" anachita kubwereka kwa Virgil, mlakatuli wa ku Roma yemwe anamwalira Yesu asanabadwe, ndipo mu 1696 Charles Leslie anawaika pachikuto cha buku lake lonyoza a mpingo wa Quaker. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu, maso ali pa nkhomo. Koma gogo wina wa m'mbali sanapirire.

"Aphunzitsi, mwapita kutali bwanji? Ife kuno tinali ndi akapirikoni."

Apa mpamene bawo inaima. Gogoyo anakumbutsa achinyamata kuti m'nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, munthu womuganizira kuti akudya ndi atsamunda ankamutcha kapirikoni, kuchokera ku bungwe la Capricorn Africa Society lomwe David Stirling anayambitsa mu 1949. Dzinalo likakumata, ngakhale pamaliro anthu ankakukhalira patali. Kunena zoona, pa onse amene ndawamva sabata ino, gogoyu yekha ndiye analankhula osaseka.

Kusaluni amayi alibe nazo ntchito za Virgil. Atsikana oluka tsitsi akusimba za Taylor Swift, yemwe mu 2016 anthu anamuthira tizithunzi ta njoka pa intaneti, iye n'kutembenuza chipongwecho kukhala malonda: pa zoimbaimba zake za mu 2018 ankaimika chinjoka chachikulu pasiteji, matikiti n'kumatha. Mayi wina ali m'chowumitsira tsitsi anafuula kuti zimenezo n'za olemera. Njoka imene iye akuidziwa ndi msungichuma wa banki m'khonde amene Disembala ikayandikira foni yake imayamba kuvuta netiweki. Wina anati ayi, yoopsa ndi mnzako amene umamuuza mavuto a m'banja mwako, iye n'kumamvetsera bwino kwambiri kuposa muyeso.

Mu minibasi yamadzulo nkhaniyi inavala zandale. Bambo wina wa jekete anafotokoza za Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino, lokhudza phungu wochoka m'chipani chomwe anawinira n'kulowa china, ndipo anati mu 2012 boma litasintha aphungu ena anasamuka mofulumira kuposa alendi othawa ngongole. Kondakitala anavomereza mokweza kuti andale onse ndi njoka basi.

"Nanga iwe, chenji changa chija chili kuti?" anafunsa mayi wina kumpando wakumbuyo.

Mnyamatayo anatulutsa mutu pawindo n'kuyamba kuitanira okwera.