Onunkhiza, Olavula ndi Ife Omeza

Nkhani ya vinyo yafika poti ngakhale munthu amene sanagwirepo chotsegulira chake ali ndi mbali, ndipo sasuntha. M'minibasi yakambidwa, kusiwa anthu anong'onezana, pabawo yaimitsapo masewero. Chinayambitsa tonse tikuchidziwa: kagulu kaja ka anzathu amene Loweruka madzulo sakuonekanso pamalo athu a masiku onse, ati apita kokalawa. Mukawafunsa ngati akutanthauza kukamwa, amakuyang'anani mwachisoni.

Amene anakasuzumirako amafotokoza zofanana, choncho mbali iyi tiilandire. Galasi limakhala lalikulu, la mwendo umodzi wautali, koma vinyo wake wongonyowetsa pansi. Munthu amalikweza m'mwamba n'kuliyang'anitsitsa, kulizunguza, kulowetsamo mphuno, kutsinzina. Akatero amapsontha pang'ono n'kuchukucha m'kamwa, kenako, ndipo apa ndi pamene tauni yonse imagwira pakamwa, amalavulira m'kachidebe. Ena akuti uku n'kunyoza ndalama pamaso pa osauka. Ena akulumbira kuti ndi mmene amachitira akatswiri dziko lonse, ndipo sakunama. Vinyo wambiri amakhala ndi ukali wa pakati pa 12 ndi 15 peresenti, pamene mowa wa m'botolo umene tinauzolowera uli cha m'ma 5. Katswiri amene akulawa mitundu makumi atatu m'mawa umodzi akati azimeza, pofika wachikhumi ndiye kuti akuyamikira chilichonse, ngakhale madzi otsukira magalasi. Chimene olavula athu sanayankhebe n'chakuti, mabotolo akakhala atatu okha, ogulanso mosonkherana, kachidebeko n'kantchito yanji?

Pa fungo ndiye pali phokoso. Wina akuti akumva tsabola, wina fodya, wina chikopa, wina dothi litangonyowa ndi mvula yoyamba. Otsutsa amafunsa kuti fodyayo anagweramo liti, poti pabotolo analemba mphesa. Apa ife oyimbira mpira tiwapatse onunkhiza chigoli, chifukwa zina mwa izo si maloto. Kafungo ka tsabola wakuda mu Shiraz kamachokera ku chinthu chomwecho chimene chili mu tsabola weniweniyo. Ka vanila kamachokera ku migolo ya mtengo wa oak imene vinyo amagonamo. Kuuma kwa lilime kumene vinyo wofiira amasiya ndi ntchito ya tannin wa m'makoko ndi m'njere za mphesa, amene alinso mu tiyi wa ku Thyolo akakhalitsa m'ketulo. Chimene chimatiseketsa ndi mnzathu wobadwira ku Ntcheu n'kukulira ku Ndirande, kunena motsimikiza kuti akumva blackcurrant, chipatso chimene sanachionepo ngakhale pachithunzi. Akanati masuku, bwemba kapena mapoza okupsa kwambiri, bwenzi tikugwedeza mitu.

Ndipo tisamachite ngati kulawa kwabwera pandege. Pamowa wa masese, ndani amagula asanapatsidwe wolawa? Agogo aja amene amangopsontha kamodzi n'kunena kuti chimera chinachepa, kapena kuti mowawu ukanagona tsiku lina, palibe anawanenapo kuti ndi odzikuza. Kungoti iwo salavula.

Mbali yotsutsa ili ndi zida ziwiri zimene imatulutsa mkangano ukatentha, ndipo zonse ndi zoona. Choyamba ndi cha ku Paris mu 1976, pamene akatswiri a ku France anapatsidwa vinyo wobisidwa maina, n'kupereka malo oyamba, pa woyera ndi pa wofiira pomwe, kwa vinyo wa ku California amene ankamuderera. Chachiwiri ndi cha ku Bordeaux mu 2001: ophunzira za vinyo 54 anapatsidwa vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo, iwo n'kumufotokoza ndi mawu onse a vinyo wofiira. Nkhani ziwirizi zikamayenda m'tauni zimanenepa, moti pofika ku Chilomoni akatswiri aja amakhala kuti anapatsidwa Sobo. Ayi, anapatsidwa vinyo ndithu. Chimene chinaoneka n'chakuti maso ndi dzina la pabotolo zimayamba kulawa lilime lisanafike.

Onunkhiza nawo ali ndi yankho, ndipo ndi lapafupi. Anyamata anayi a ku Zimbabwe anapita ku South Africa kukasaka maganyu monga achitira abale athu, anayambira pansi penipeni, n'kudzakhala akatswiri osankhira anthu vinyo m'malesitilanti otchuka a ku Cape Town. Mu 2017 anakaimira dziko lawo ku Burgundy pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo, kumene umayenera kutchula mtundu wa mphesa, dziko lake ndi chaka chake. Chikho sanabwere nacho, koma nkhani yawo inasanduka filimu yotchedwa Blind Ambition. Ndiye kuti mphuno imaphunzitsika, ndipo sifunsa ngati mwini wake anakulira nsima kapena tchizi.

Olawa tingawakhululukire. Amene atizunguza mitu ndi osunga, aja ogula botolo kuti lingokhala. Ena ati vinyo akamakalamba m'pamene amakoma. Ena ati ndi banki: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo la m'kabati linadzuka litakwera mtengo lokha, pamene ndalama za m'buku zinadzuka zitafota. Amakumbutsanso za botolo limodzi la Romanée-Conti la 1945, limene linagulitsidwa pa okushoni ku New York mu 2018 pa madola 558,000. Zoona ndithu. Koma mu 1945 munda wa mphesa zake unatulutsa mabotolo 600 okha, pamene la osunga athuwa lili ndi abale ake zikwizikwi pashelefu m'sitolo, ena pa mtengo wotsitsa. Vinyo wambiri wa m'masitolo anapangidwa kuti amwedwe m'zaka zochepa. Wosungika zaka makumimakumi ndi wochepa, ndipo amafuna malo amdima, ozizira pafupifupi madigiri 13, botolo litagona cham'mbali kuti chitsekero chake cha khungwa chisaume. Tsono taonani kumene ife timamuika: m'kabati ya galasi pabalaza, botolo lili njo pambali pa TV kuti alendo alione, denga la malata, mwezi wa Okutobala. Ogula kafiriji kapadera amadalira magetsi, ndipo ya magetsi tisaiyambe. Pakatha zaka zisanu vinyo uja amakhala atakalambadi, koma wotuwa ndi wosasa, woti mwini wake amamwa chifukwa cha manyazi.

Palinso mphekesera yoti m'nyumba zina mabotolo a m'kabati anamwedwa kalekale ndi achinyamata a pakhomo, ndipo m'katimo muli tiyi wozizira. Eni ake sadziwa, poti satsegula. Tisawaseke kwambiri. Ku America munthu wina anagamulidwa zaka 10 mu 2014 chifukwa chosakaniza vinyo wotchipa kunyumba kwake ku California, kumata mapepala a maina akuluakulu, n'kugulitsa kwa mpondamatiki pa mamiliyoni a madola. Ambiri a iwo analawa, kutsinzina, n'kuyamikira.

Mkanganowu ukafika kwa obwera kuchokera ku Cape umasintha mawu. Iwo mphesa amazidziwa ndi msana: anathyola ku Stellenbosch, ku Paarl, ku Robertson, padzuwa la Febuluwale. Amatiuza kuti kumeneko vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659, kuti wotsekemera wa ku Constantia ankatumizidwa kwa Napoleon ali pa ukaidi ku St Helena, kuti Pinotage imene onunkhiza athu amaitchula mokweza mphuno inabadwira ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa. Amatiuzanso zimene sizilembedwa pabotolo: kwa mibadwo yambiri antchito a m'minda imeneyo ankalandira gawo la malipiro awo ngati vinyo, ndipo mabala a mchitidwe umenewo akadalipo m'mabanja mpaka lero. Akafika pamenepo, onunkhiza ndi omeza omwe amayang'ana pansi.

Kwa kanthawi chabe, chifukwa posakhalitsa wina amadzutsa ya vinyo wa m'bokosi, uja wa kampopi amene amasangalatsa maukwati athu. Onunkhiza amamuyang'ana cham'mbali. Omeza amati ndi yekhayo amene amalemekeza thumba, komanso sawonongeka msanga ukamutsegula poti mpweya sulowa, ndipo pamfundo yomalizayi alondola. Za wotsekemera n'chimodzimodzi: pagulu aliyense amaitanitsa wosatsekemera, koma kunyumba botolo limene limatha ndi lashuga lija. Wothira ayezi amanyogodoledwa, wosakaniza ndi Coca-Cola amatsala pang'ono kuthamangitsidwa, chonsecho ku Mozambique chisakanizo chimenechi chili ndi dzina lake, catembe, ndipo amamwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Akumpingo nawo agawanika. Ena amaloza ukwati wa ku Kana, ena amati amenewo anali madzi a mphesa chabe, ndipo amene sanatsegulepo Baibulo chaka chino amadziwa pamtima malangizo a Paulo kwa Timoteo okhudza m'mimba, kungoti pa kuchepa kwa mlingo wake amadumphapo. Yoti galasi limodzi la wofiira limalimbitsa mtima inafika paliponse, mpaka kwa amene amamwa magalasi asanu kuti mtima ulimbe kasanu. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti palibe mlingo wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thupi, koma uthenga uwu ukubwera wapansi.

Latsala ndi funso la vinyo wathu. Ku Lilongwe a Linga amapanga wa jambula, wa magwafa, wa chidede, ndipo ku Karonga kuli amayi opanga wa nthochi. Ena ati popanda mphesa si vinyo. Ena ati ngati zipatso zawira, zalowa m'botolo, ndipo womwayo wayamba kulankhula Chingelezi, palibenso chofunsa. Ife tikungodikira tsiku limene wina adzathire wa jambula m'botolo lolembedwa Chifalansa n'kupita nalo Loweruka lija.

Pa zakudya ndi pamene mbali zonse zinayesako kugwirizana: chambo chiyende ndi woyera, mbuzi yowotcha ndi wofiira. Pa bonya komiti inagawanika, pa therere palibe anayerekeza kuyankha, ndipo amene anafunsa za mbewa sanaitanidwenso.