Ulemu kwa Gogo Nyenyezi ya Zigamba

Tsitsani wailesi, ana gwadani, amayi lulutani, pakuti lero akulowa ufumu Gogo Nyenyezi, Nyakwawa ya pa Msomali, Gulupu wa pa Zenera, Mfumu ya Ndodo ya pa Balaza, Mwini Fungo, Mtetezi wa Khirisimasi, amene asokedwa usiku ndi manja a munthu, wina atawagwirira tochi ya foni.

Ndani angawerenge makolo anu, Gogo? Munabadwa ku zidutswa zosesedwa pansi pa mashini a telala wa pakhonde. Pamimba panu pali chitenje cha chipani, pomwe patsala khutu la munthu amene ankafuna mavoti ndi theka la mawu akuti chitukuko. Kumsana kwanu kuli yunifolomu ya kupulayimale. M'mbali mwanu muli nsalu ya ukwati umene unatha kalekale. Zimene andale alephera kulunzanitsa, inu mwazilunzanitsa ndi singano imodzi.

Nyenyezi za m'sitolo zili ndi nsonga zisanu zofanana chifukwa zilibe maganizo awoawo. Inu muli ndi nsonga zinayi ndi theka: ina yaloza kumwamba, ina yaloza kukhitchini, ina yawerama modzichepetsa, ina ikuganizabe kolowera. Isaac Singer anapatsidwa umwini wa mashini ake osokera mu 1851, koma inu munakana kupondedwa ndi chitsulo. Munasankha msoko wa pamanja, wokhotakhota ngati msewu wokwera phiri la Zomba, woyamba ndi ulusi wakuda, wopitirira ndi wofiira pamene wakuda unatha. Kadontho ka magazi a chala cha wokusokani ndiko chidindo cha ufumu wanu.

Nanga za m'mimba mwanu, inu Nkhokwe ya Zonunkhira! Apwitikizi ndi Adatchi anakhetsana magazi polimbirana sinamoni wa ku Sri Lanka mpaka Adatchi anapambana mu 1658, osadziwa kuti nkhondo yonseyo inali yokonzera inu kasupuni kamodzi kopalidwa pansi pa botolo. Bulugamu anawoloka nyanja kuchokera ku Australia kuti masamba ake atatu adzagone mwa inu. Malalanje anapereka makoko awo, matiresi akale anapereka siponji yawo. Alimi a thonje a ku Chikwawa ndi Balaka asadandaule, mwayi wawo udzafika.

Fungo lanu si la chisawawa. Silithamangira mphuno ya aliyense, limadikira munthu adzuke, ayandikire, akufinyeni ndi zala ziwiri, kenako akhulupirire. Mlendo akayetsemula, ndiko kuwomba m'manja kwa mphuno. Ndipo poti Khirisimasi yathu imagwa m'dzinja, mvula ya Disembala yakuvekani mkanjo wa nkhungu yobiriwira, ndi fungo lachiwiri loposa loyamba lija mphamvu, limene palibe anakuikani. Nyerere zandanda pakhoma kudzapereka ulemu, ndipo iliyonse ikubwerera kwawo ndi kamphatso kodzera pa msoko womasuka, chifukwa mfumu yabwino sibweza anthu ake chimanjamanja.

Tikuona tsiku limene ndege zidzatera motsatizana pa Chileka, alendo n'kunyalanyaza nyanja ndi phiri la Mulanje, n'kumafunsa njira ya ku msomali wanu. Tikuona opanga mafuta onunkhira a ku Grasse ku France akutseka mafakitale mwamanyazi. Tikuona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri ikukukonzerani galasi lanulanu ndi mlonda wa ndodo. Tikuona nkhope yanu pa ndalama yapepala, ana asukulu akuloweza mayina a nsonga zanu pokonzekera mayeso.

Januwale akafika, kachingwe kanu kakaduka, sitidzati mwagwa. Tidzati mwatsika kukayendera anthu anu, ndipo tidzakukwezani pa udindo wochirikiza mwendo waufupi wa tebulo.

Koma ufumu wotere sungathere nyumba imodzi. Ana anu asokedwa kale, akulungidwa m'nyuzipepala, akupita kwa azakhali, kwa apongozi ndi kwa abusa. Aliyense adzalandira ndi manja awiri, adzatembenuza uku ndi uku, adzanunkhiza, ndipo adzalankhula mawu oyenera pamaso pa ukulu woposa nzeru za munthu: "Zikomo kwambiri. Kodi kameneka ndi kamba?"