Fayilo Yanu Ikuuma, Mubwere Mawa

Amalume anga atapuma pa uphunzitsi anayamba ntchito ina yopanda malipiro, yolondola fayilo yawo ya penshoni. Ulendo woyamba anauzidwa kuti fayilo sikuoneka. Wachiwiri, akuti amene amadziwa pomwe ili apita kumaliro. Wachitatu akalaliki anawalandira nkhope ili mwee.

"Madala, yapezeka!"

"Ambuye alemekezeke. Ili kuti?"

"Ikuuma."

Anawatengera kuseri kwa ofesi. Pa kapinga panali mapepala ali mbwee, lililonse atalitsindira ndi mwala, ngati amayi ayanika ufa. Denga la chipinda chosungira mafayilo linali litadontha usiku wonse. Chapomwepo panaima mbuzi, ikutafuna mofatsa ngati munthu wodziwa malamulo.

"Yadya pati?" anafunsa amalume.

Akalaliki anawerenga otsalawo. "Kuyambira 1988 mpaka 1992, madala."

"Ndiye mbuziyi ndi yanga. Zaka zanga zisanu zili m'mimba mwakemo."

Kunena zoona, kuyanika pepala padzuwa nkulakwa ngakhale mbuzi palibe. Limapindika, limauma gwaa n'kumathetheka, inki n'kusuluka. Pepala lonyowa limafuna mthunzi ndi kamphepo koyenda, tsamba lililonse palokha.

*

Kuofesi ina, mvula yoyamba ya Novembala itagwa usiku, abwana anaimba foni ali m'bulangete: "Amesenjala, denga lija likudontha. Thamangani mukapulumutse zofunika."

M'mawa anapeza mpando wawo wozungulira, ketulo ndi chitini cha shuga zili pouma, zitafunditsidwa bwinobwino. Mafayilo akusambira.

"Nanga mafayilowa?"

"Bwana, zaka zonse ndakhala panozi sindinakuonenipo mukutsegula fayilo. Koma ketuloyi ndi tsiku ndi tsiku."

Denga lodontha ndi mdani wabwino, amabwera akuimba. Woopsa ndi simenti ya pansi. Katoni ukaikhazika pa simenti, kapena kuitsamiritsa kukhoma m'nyengo ya dzinja, imayamwa chinyontho mwakachetechete. Pamwamba iwoneka ngati mkwati, pansi mapepala agwirana ngati chikondamoyo, mapini achita dzimbiri, chuku chili yakaliyakali. Mankhwala ake ndi njerwa zinayi, thabwa limodzi ndi kampata pakati pa katoni ndi khoma. Koma poti zimenezi sizifuna semina ya kunyanja, palibe amazichita.

*

Pomwe pali chinyontho, chiswe sichichedwa kumva uthenga. Amesenjala ena anatumidwa kukatenga katoni ya mafayilo akale, yomwe poiika anainyamula anthu awiri akubuula. Anabwera nayo ndi dzanja limodzi, akuimba mluzu.

"Mwaona?" anatero abwana. "Chibwerereni ine pano ntchito yapepuka."

Atatsegula anapeza dothi ndi zikuto zokha. Akalaliki anayang'ana m'katimo kwa kanthawi, kenako anati, "Komabe tithokoze, bwana. Mafayilowa apeza wowawerenga mpaka tsamba lomaliza."

*

Ku Chigwa cha Shire nkhani ndi ina. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, moti ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Dalaivala wina wa kumeneko ankasunga malisiti a mafuta pa dashibodi ya galimoto, miyezi itatu yathunthu. Ofufuza za chuma atabwera anawayalira timapepala tosaoneka chilembo n'chimodzi chomwe.

"Achimwene, apa palembedwa chiyani?"

"Malita 60 a dizilo."

"Ife sitikuona kanthu."

"Dizilo anatha, bwana. Zilembo zikanatsalira chiyani?"

Dalaivalayu sananame kwenikweni. Timalisiti toterera ta m'mashopu ndi pamalo omwetsera mafuta tilibe inki. Makina amalemba pongotenthetsa mankhwala opakidwa pa pepalalo, ndiye likakumananso ndi dzuwa kapena moto, zilembo zimazimirira kapena pepala lonse limada bii. Lisiti lofunika lijambuleni pa foni kapena pa fotokope tsiku lomwelo. Ndipo musayerekeze kulisita kuti liwongoke.

*

Odziwa kusunga zolembedwa amati pepala limakhalitsa m'chipinda chozizirira, cha madigiri 18 mpaka 20, chinyezi cha mumpweya chisapitirire 60 peresenti, ndipo zisamasinthesinthe. Kamnyamata kena kongochoka kukoleji kanawerengera abwana ake manambala amenewa pamsonkhano. Abwana anagwedeza mutu, nalemba kalata yopempha makina oziziritsa mpweya "pofuna kuteteza mafayilo". Makina anabweradi, n'kuikidwa pamwamba pa mpando wa abwana. Mafayilo anatsala kuchipinda chawo chakale chopanda zenera, chogundana ndi paipi ya kuchimbudzi.

Kamnyamata katadandaula, yankho linali lakuti, "Iwe, mafayilo onsewa ndinawasunga m'mutu muno. Ndiye tiziziritse pati?"

Abwanawo mpaka lero sanachite chuku. Tivomereze kuti makinawo akugwira ntchito.

*

Kamnyamata komweko kanaphunzitsanso anzake chinthu china choona: pepala likanyowa, chuku chimatha kuyamba pasanathe masiku awiri, ndiye ngati simungathe kuliumitsa msanga, likulungeni n'kuliika mufiliza, liume ngati mwala mpaka mutapeza mpata. Namondwe wa Freddy atavuta m'Malichi 2023, akalaliki ena a ku Blantyre anakumbukira phunziroli. Anatenga fayilo yonyowa n'kukaiika mufiliza ya kunyumba, pamwamba pa chambo cha mayi a kunyumba. Magetsi anazima, monga aliyense akukumbukira.

Fayiloyo inapulumuka ndithu. Kungoti amesenjala akamainyamula kupita nayo kwa abwana, amphaka atatu amawaperekeza mpaka pakhomo.

*

Ku Zomba kuli nkhokwe ya dziko lino yosungira zolembedwa zakale, National Archives, yomwe inatsegulidwa mu 1947. Ofufuza mbiri akafuna makalata a boma la atsamunda a zaka zoyambirira amagwira mutu, chifukwa ambiri anapsa pamene maofesi a boma ku Zomba komweko anayaka moto mu 1919. Koma moto umenewo uli ndi ulemu wake: chaka chake chimadziwika, ndipo unalowa m'mabuku. Fayilo ya amalume ako ikamafa ndi chinyontho palibe utsi, palibe belu, palibe tsiku lolira maliro. Umangouzidwa kuti "sikuoneka".

Ndipo tisamangoseka a m'maofesi. Satifiketi ya MSCE, chiphaso cha malo ndi mtchatho wa ukwati ambirife tinazipinda m'jumbo n'kuzitsindira pansi pa matiresi. Jumbo imatsekera chinyezi m'kati momwemo, mapepala n'kumachita thukuta. Kazitulutseni lero mvula isanayambe, muchotse mapini ndi timalabala, muziike mu envulopu ya pepala, pamwamba pouma, kutali ndi khoma.

Za amalume, penshoni analandira patapita miyezi yambiri, atapezeka makope ena kulikulu. Mbuzi ija anaigula kwa mwini wake, ndipo tinaidya pa Khirisimasi ndi mpunga wa Kilombero.