Limbe M'mawa, Blantyre Thumba Litapepuka

Munthu wa kwa Khwethemule akalandira malipiro kuesiteti n'kupeza tsiku limodzi losathyola tiyi, amalengeza kuti akupita kutauni, ngati kuti tauniyo ndi imodzi. Pa pepala akunena zoona, pakuti Blantyre ndi Limbe adazikwatitsa mu 1956. Koma kondakitala ukwatiwo sadauvinire. Minibasi ya ku Thyolo ikadutsa Bvumbwe ndi Chigumula imakakutula ku Limbe, ndipo ukafuna kuona Kabula upisanso m'thumba. Polipira kawiri matauni ndi awiri, choncho tsikulo liyenera kugawidwa, ndipo kagawidwe kanzeru n'kakuti Limbe atenge m'mawa wonse ndalama zikadali zofunda, Blantyre alandire maola awiri a masana thumba litapepuka.

Umboni uli m'kabadwidwe ka matauniwa. Blantyre adayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, pomwe Limbe adakula chifukwa cha njanji, ndiye wina ndi mwana wa pemphero, mnzakeyo mwana wa katundu, ndipo mpaka lero aliyense adatengera kwawo. Nyumba ya Mandala ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe adachimaliza mu 1891 n'zokongola ndithu, komanso kuziyang'ana sikulipiritsa, n'chifukwa chake zimamukhala munthu amene ndalama zamuthera. Ku Limbe kulibe choyang'ana chaulere. Kuli kaunjika, mapoto, malata, nsapato za ana asukulu, ndi mnyamata amene amakutcha "ankolo" musanaonanepo chibadwire, n'kukuyesa jekete lomwe sudapemphe. Kunenerera mtengo kumafuna mutu wa m'mawa. Wofika kumsikako dzuwa litapendeka, miyendo italema ndi Victoria Avenue, amagula buluku lalifupi mwendo umodzi n'kuthokozanso.

Ena adzati n'chamanyazi kuyenda pakati pa mabanki a ku Blantyre utasenza chithumba cha kaunjika ngati wothawa banja. Nkhawayi ndi yomveka, koma yaiwala kuti njira yobwerera kumudzi imadzeranso ku Limbe komweko, ndipo wogulitsa amene wadya ndalama yako sakana kukusungira katundu mpaka madzulo; chongofunika n'kukumbukira kuti shopuyo inali iti, pakuti onse amati "mundipeza pomwe pano, achimwene" m'mizere yofanana ngati ya tiyi. Enanso adzati ali ndi wodwala ku Gulupu, sangayambe ndi msika. Chipatalacho chili pa Ginnery Corner, panjira ya Masauko Chipembere yolumikiza matauni awiriwa, kotero sichili mbali ya aliyense, ndipo wozonda matenda chimanjamanja amakambidwa m'wodi yonse akangotuluka. Buledi ndi Sobo wake azigula kuti, ngati si ku Limbe?

Kutsutsa kolimba kwenikweni n'kwa amene amafunsa kuti, ngati zonse zofunika zili ku Limbe, kuvutikiranji kupita ku Blantyre? Ameneyu sadziwa mudzi. Ulendo wa kutauni suthera pa siteji, umathera pakhonde madzulo pamene alamu akufunsa kuti kutauni kuli bwanji. Woyankha kuti adangofika ku Limbe amaoneka ngati wapita kuchigayo. Mpofunika chithunzi cha pafoni pa Chichiri, nkhope yaulemu, dzanja lina litagwira galimoto ya eni, ndiponso jumbo ya m'sitolo yaikulu ya pamenepo, ngakhale mukhale sopo mmodzi yekha. Jumboyo ikafika kwa Khwethemule imagwira ntchito miyezi itatu: ipita kutchalitchi, ipita kumaliro, inyamula ndiwo za kumunda wa tiyi, ndipo ikang'ambika mayi a kunyumba amaipinda bwino n'kuisunga pansi pa matiresi. Malaya a ku Limbe nawo akalowa m'jumbo imeneyi amasanduka ogula ku Blantyre, ndipo palibe amafunsa lisiti.

Maola awiri akwana pa zonsezi. Wowonjezerapo lachitatu amapezeka walowa m'lesitilanti, momwe amagula kapu ya tiyi pa mtengo womuumitsa pakamwa, tiyi yemwe mwina adathyola yekha mvula ikumukwapula kumsana. Amamwa mwakachetechete, osauza woperekera zakudya kuti masambawo amawadziwa, kenaka n'kuthamangira ku Limbe, kumene woitanira akulumbira kuti watsala munthu mmodzi kuti minibasi inyamuke, pomwe anthu anayi okhala m'katimo ndi anzake ongodzazitsa mipando.