Nsagwada za Mabwana Zili Pansi pa Kanyama

Ine ndine katswiri wa pa kantemba, wodziwa zonse bola wina agule chakumwa, ndipo mfundo yanga lero ndi yakuti ife a ku Kanyama timagona pa chuma chimene a ku Kabulonga amachigula ndi madola. Fupa ndi mano zimalimba chifukwa cha hydroxyapatite, yopangidwa ndi calcium ndi phosphate. Dzino likazulidwa, fupa la nsagwada pamalopo limafota, mwina mpaka theka pakutha chaka. Tsono dzino loikirira lija la titanium, limene Brånemark wa ku Sweden anayamba kuika mwa anthu mu 1965, limafuna fupa loti ligwirepo. Madokotala amathira ufa wa hydroxyapatite yomweyo m'dzenjelo, fupa latsopano n'kumera m'timabowo ta ufawo. Wina wotchuka, Bio-Oss wa ku Switzerland, amachokera ku mafupa a ng'ombe, omwewa timakukuta ndi nsima mpaka galu kutiyang'ana mokwiya. Wina akatswiri amapanga ndi makoko a mazira kapena mwala wa laimu: amawotcha, kusakaniza ndi asidi wa phosphate, n'kuwotchanso pa moto wopitirira madigiri 1,000.

Nanga Lusaka wakhala pa chiyani? Pa mwala womwewo. Ndiwo unabweretsa fakitale ya simenti ku Chilanga mu 1949, ndiwo amayi amaphwanya ndi hamala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga, ndiwonso umatisautsa pokumba chimbudzi. Phosphate nayo ilipo ku Chilembwe, cha ku Petauke. Zonse zili pakhomo, koma nzeru zathu zimathera pa mabuloko.

Ena anena kuti mwala wa m'komboni, umene wasambira madzi a zimbudzi dzinja lililonse, sungalowe mkamwa mwa munthu. Zoona, ndipo wina asayerekeze kusinja mwala mumtondo n'kumata m'nkhama. Koma ng'ombe nayo si yoyera, imayeretsedwa. Chimene tikusowa ndi ng'anjo, makina oyeza ngati muli mtovu, ndi munthu woleza mtima, pakuti mbaula ndi changu changa sizingakwanitse. Ena anena kuti adzagula ndani, poti anthu ngati ine timapita kuchipatala tsaya litatupa kale, mankhwala otsukira mabatire tayesa, ndipo pempho lathu ndi limodzi: zulani. Apa ndiye amalakwitsa kuwerenga msika. Fakitale imafuna makasitomala, ndipo magweru amene ali pakati pa Matero ndi Chawama, mukawonjezera otsegula mabotolo ndi mano a ku Mtendere, angadyetse ng'anjoyo zaka zambiri osazima. Tilibe ndalama, inde, koma ufawo ndi wodula mwa zina chifukwa umabwera pa ndege. Wa ku Kanyama ungabwere pa wilibala, ndipo woyendetsayo ndikumudziwa, amalola ngongole mpaka kumapeto kwa mwezi.