Mlendo ndi Mame, Koma Fa Amabweranso

Subdominant ndi liwu lachinayi pa makwerero a nyimbo, lija amakwaya amalitcha fa akamaimba do, re, mi. Mu kiyi ya C liwuli ndi F, ndipo chord yake imamangidwa ndi F, A ndi C. Pa pepala amailemba IV. Dzinali analitchukitsa ndi Jean-Philippe Rameau wa ku France m'buku lake la mu 1726. Kuchoka pa do kukwera masitepe asanu, kuwerengera ndi do yemweyo, munthu amapeza so, yemwe ndi dominant. Kutsika masitepe asanu amapeza fa.

Ntchito yake akuluakulu anaifotokoza kale asanaione piyano: mlendo ndi mame. Mwini nyumba ndi do, pomwe nyimbo imayambira ndi kugona. Fa amangofika, napatsidwa mpando, kenaka n'kutsanzika. Sabwera ndi mkangano chifukwa m'thumba mwake muli C, liwu la mwini nyumba, choncho amaodira ngati wachibale. Akanyamuka kawirikawiri amasiyira malo so, amene sakhazikika mpaka nyimbo itabwerera kwawo. Ndiwo ulendo wa I, IV, V, I (do, fa, so, do) umene wadyetsa oimba osawerengeka. Tsiku lomwe fa watanganidwa amatuma mphwake, chord ya D, F ndi A, ndipo omvera ambiri sazindikira n'komwe kuti pampando pakhala wina.

Nthawi zina fa amalunjika kwa do osadzera kwa so. Kutseka kotereku kumatchedwa plagal cadence, ndipo ndi kuja kumamveka pa "Amen" kumapeto kwa nyimbo zambiri za m'tchalitchi. N'kofewa kwambiri, n'chifukwa chake ogona pa benchi yakumbuyo sadzidzimuka nako.

Vuto ndi loti alendo a masiku ano sauma msanga ngati mame akale. Amapempha tchaja, kenaka pasiwedi ya Wi-Fi. Fa naye akachedwa, n'kuitanitsa B-flat, khutu limayamba kumuyesa mwini nyumba, ndipo C uja amasanduka dominant m'nyumba yakeyake. Kumeneko ndiko kusamukira ku kiyi ya subdominant, ndipo opeka nyimbo amakuchita dala, makamaka chakumapeto, pofuna kuti zinthu ziziziritse.

Mu blues ya mabara 12 mlendoyu ali ndi ndandanda: amafika pa bara 5 ndi 6, n'kudzasuzumiranso pa bara 10. Mu marabi ndi kwela za ku South Africa (kwelayo Daniel ndi Donald Kachamba anaiimba mwaluso ku Malawi), chord zimazungulira I, IV, I, V mosalekeza, moti fa amagogoda pakhomo masekondi angapo alionse.

Amene amamuona ngati mlendo wovuta ndi ophunzira gitala. Chord ya F imafuna kuti chala chamkombaphala chipanikize nsambo zonse 6 nthawi imodzi, ndipo poyamba imangolira kuti phwa. Ambiri amathawira mu kiyi ya G, momwe subdominant ndi C wosavuta kugwira. Apakiyibodi amangodina transpose.