Ichi Chakoma, Ichi Chakoma: Pusi Wosaka Ganyu pa Intaneti

Mwambi wakuti "ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada" umanena za pusi amene anakwera mumtengo wobereka mwakathithi. Anathyola chipatso ndi dzanja lamanja, china ndi lamanzere, ndipo ataona chachitatu chopsa bwino anaiwala kuti nthambi nayonso imafuna dzanja. Akuluakulu ankauponyera mnyamata wofunsira mbeta zitatu m'mudzi umodzi. Masiku ano amene mwambiwu umamukwana ngati malaya osoketsa kwa telala ndi mlembi wosaka ntchito pa intaneti.

Ntchitoyi ndi ganyu ndithu, ngakhale eni ake amaitchula ndi dzina la Chingerezi kuti apongozi asade nkhawa. Waganyu wa kumunda amamuyezera ndime, amalima, mwini munda amayendera n'kulipira. Mlembi nayenso amalima ndime, zake zili za mawu, ndipo malipiro amawerengedwa pa liwu lililonse, pa nkhani yonse kapena pa ola. Kusiyana kwake n'kwakuti mwini munda ali ku Toronto kapena ku Dubai, nkhope yake ndi kachithunzi konga batani la malaya, ndipo sapereka nsima ya masana.

Mitengo ikuluikulu imene apusiwa amasonkhanamo ndi yodziwika. Upwork inachokera ku makampani awiri, Elance ndi oDesk, amene anagwirizana zophatikizana mu 2013, ndipo dzinali inalitenga mu 2015. Kumeneko kasitomala amalengeza ntchito, alembi n'kumapikisana polemba makalata odzichemerera. Kalata iliyonse imadya timatikiti totchedwa Connects, ndipo tikatha timagulidwa ndi madola, kutanthauza kuti pusi amalipira asanakhudze n'komwe chipatso. Fiverr, imene inayamba ku Israel mu 2010, imayenda ngati msika wa Lizulu: munthu amayala malonda ake n'kudikira wogula. Dzina lake linachokera ku madola 5, mtengo wa ntchito iliyonse m'masiku oyamba, ndipo kampaniyo imatapa 20 pa 100 iliyonse imene wogulitsa wapeza. Palinso Freelancer.com ya ku Sydney, komanso akonzi a magazini amene amalandira maganizo a nkhani pa imelo, n'kuyankha akafuna.

Chimene chimasokoneza mutu ndi dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale madola 5 anayamba kuoneka ngati bango lakupsa. Koma masamu ake ndi ozizira. Nkhani ya mawu 1,000 pa senti imodzi pa liwu ndi madola 10. Fiverr ikatapa zake atsala 8. Pa 8 yomweyo pachoke bandulo, pachoke za kutumiza ndalama, pachokenso tsiku lathunthu limene mlembi wa ku Nsanje, thukuta lili kamukamu, anathera akufufuza mafosholo abwino ochotsera chipale chofewa pakhomo, chinthu chimene iye, bambo ake ndi agogo ake sanachionepo. Nkhaniyo amailemba molimba mtima ngati anakulira ku Alaska.

Kugwa chagada kuli ndi ndondomeko yake, ndipo sikusinthasintha. Mlembi amatumiza makalata 30 kwa milungu itatu, onse zii. Lolemba la mlungu wachinayi makasitomala anayi amayankha pamodzi, ndipo iye, pokumbukira njala ya milungu itatu ija, amavomera onse. Onse akufuna ntchito yawo Lachisanu. Vuto ndi lakuti Lachisanu si limodzi: New York imatsalira m'mbuyo ndi maola 6 kapena 7 poyerekeza ndi Lilongwe, pamene Sydney imatsogola ndi maola 8 kapena 9, choncho "Lachisanu madzulo" la kasitomala wa ku Australia limafika mlembi akupakula phala. Lachinayi usiku magetsi amathima. Laputopu imaonetsa 11 peresenti. M'mawa mlembi amapezeka pabenchi la kwa ometa tsitsi kumene kuli jenereta, laputopu pamiyendo, tsitsi la anthu likugwera pa mabatani, ndipo m'chipwirikiticho nkhani ya mafosholo imapita kwa kasitomala amene anaitanitsa ya chakudya cha amphaka.

Pusi wa m'nkhalango akagwa amadzuka, amasasa fumbi, ndipo amene aona ndi anzake awiri. Wa pa intaneti amagwera pabwalo. Kasitomala amapereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndi ndemanga imene imakhala pa tsamba la mlembi kuti aliyense wodzabwera aiwerenge. Nyenyezi imodzi imafuna ntchito zabwino zambiri kuti iiwalike.

Zipatso zina ndi nkhuyu, zokongola kunja m'kati muli nyerere. Wolemba ntchito amene akuti "tumizani kaye ndalama yolembetsera" ndi wakuba, chifukwa palibe waganyu amene amalipira mwini munda kuti alime. Wina amapempha nkhani yaulere yoyesera luso. Akapempha alembi 20, ntchito yake yatha popanda kutulutsa khobidi, onse awadyera masuku pamutu. Wina amati nkhani ikapitirire pa Telegram kapena pa WhatsApp. Kumeneko kulibe mkhalapakati, pamene pa Upwork, ntchito ikakhala yosawerengedwa pa ola, kasitomala amayamba wasungitsa ndalama kwa kampaniyo, ndipo zimatuluka ntchito ikavomerezedwa. Chipatso china chonona ndi kulembera ophunzira a m'mayunivesite a kunja ntchito zawo za m'kalasi. Australia inaletsa malonda amenewa mu 2020, England mu 2022, ndipo mlembi sangaonetse ntchito yotereyi kwa kasitomala wina monga umboni wa luso lake, popeza mwini wake anailandirira kale digiri.

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, mumtengomu munalowa pusi wina amene sagona, sadya, ndipo zipatso za m'munsi, monga nkhani ya mafosholo ija, amazithyola m'kanthawi kochepa kuposa kofunika kuti madzi a tiyi awire. Zimene zatsalira munthu ndi zofuna miyendo ndi makutu: kucheza ndi mlimi wa fodya pamzere wa ku Kanengo, kufunsa asodzi a ku Mangochi za mtengo wa chambo, kapena kumasulira uthenga wa zaumoyo m'Chichewa chimene agogo angamve. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, koma uthenga umene cholakwa chake chingamwetse munthu mapiritsi anayi m'malo mwa awiri umafunabe maso a munthu. Apa ndi pamene pali nthambi. Alembi amene amakhalitsa amasankha mutu umodzi, kaya ulimi, zaumoyo kapena mpira, amasunga makasitomala awiri kapena atatu obwerabwera, ndipo pa ntchito yatsopano amayamba ayang'ana ngati kasitomalayo analipirapo ena ndiponso zimene enawo ananena za iye. Kukana ntchito nakonso ndi luso, ngakhale limaphunzirika movuta kumapeto kwa mwezi.

Chotsala ndi kutsika ndi chipatsocho. Fiverr imasunga ndalama za wogulitsa wamba masiku 14 ntchito itatha. Kenako zimadutsa kwa otumiza ndalama monga Payoneer, zimafika kubanki, zimasanduka makwacha, mwinanso n'kupitirira ku Airtel Money kapena Mpamba, ndipo pa chipata chilichonse pamatsala kenakake. Mbiri yokha ndi imene siima pa chipata. Madola 8 aja asanafike, kumudzi kwamveka kale kuti mwana wa uje amalandira madola kuchokera kwa azungu, ndipo pa foni pali mauthenga atatu: wa malume wonena za feteleza, wa mlongo wonena za fizi, ndi wa mwini nyumba amene wangolemba kuti "Mwadzuka bwanji?"